Mafunso a Owerenga: Mtanda wa m'kabokosi ndi ndege zimene zinkasaka mitambo

Mwezi uno makalata atatu ochokera m'mbali mwa nyanja akumana pa nkhani imodzi, ya ndege zounika nyengo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi anthu amene ankauluka nazo, choncho ndawayankha pamodzi.

FUNSO: Akonzi, malemu bambo anga anamenya nawo nkhondo yachiwiri m'gulu la King's African Rifles, limene akuluakulu ankangolitchula kuti Keyala, ndipo anakafika mpaka ku Burma. Atabwerako anagwira ukhukhi zaka zambiri kwa mzungu wina wolima thonje ku Salima, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo, dziko lino litatsala pang'ono kulandira ufulu, anawasiyira kabokosi kachitsulo momwe bambo ankasungiramonso zinthu zawo. Titakatsegula chaka chatha pokonzekera kumanga chiliza, tinapezamo nyenyezi ziwiri zamkuwa ndi mtanda wasiliva. Pakati pa mtandawo pali munthu atakwera mbalame, kansalu kake kali ndi mizere yofiira ndi yoyera yopendekeka, ndipo kumbuyo kwake kunazokotedwa 1944, koma dzina palibe. Munalinso chithunzi cha azungu asanu ndi atatu ataima patsogolo pa ndege ya mainjini anayi, ndipo kuseri kwake kunalembedwa ndi pensulo kuti "518 Sqn, Tiree". Bambo ankakonda kunena kuti bwana wawoyo ankamenyana ndi mitambo, osati ndi anthu, ife n'kumaseka. Adzukulu akuti mtandawo ndi wa agogo awo ndipo tiulembe pa chiliza, pamene munthu wina wa ku Lilongwe wafuna kale kuugula. Kodi mtandawu ndi wa yani, ndipo ndingafufuze bwanji mbiri yake?
Mphunzitsi wopuma, Linga, Nkhotakota

YANKHO: Aphunzitsi, ndiyambe ndi mbali imene iwawe adzukulu anu: mtanda umenewo si wa malemu bambo anu, ndipo ndikukupemphani kuti usalembedwe pa chiliza chawo. Malinga ndi mmene mwaulongosolera, umenewo ndi Air Force Cross, mendulo imene inakhazikitsidwa mu June 1918 mu ulamuliro wa Mfumu George V, ndipo pa nkhondo yachiwiri inkaperekedwa kwa maofesala a gulu lankhondo la mumlengalenga basi. Munthu wokwera mbalame uja ndi Hermes wa m'nthano za ku Greece, atakwera kabawi. Msilikali wa Keyala, ngakhale akanalimba mtima chotani, sakanalandira mendulo imeneyi, popeza asilikali apansi anali ndi mamendulo awoawo, monga Military Medal ndi Distinguished Conduct Medal, amene dzina ndi nambala ya mwini wake zinkadindidwa m'mphepete. Nyenyezi zamkuwazo ndiye za bambo anu, ndipo ndibwereranso kwa izo.

Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mawu amene munkawaseka aja ndiwo alongosola bwino ntchito ya gulu la ndege la 518, lija lalembedwa kuti "518 Sqn" kuseri kwa chithunzi chanu, kuposa mmene ndingachitire ine. Nkhondo isanabuke mu September 1939, akatswiri a zanyengo ku Britain ankadalira sitima zamalonda zoyenda pa nyanja ya Atlantic, zimene zinkawatumizira pa wailesi za mphepo ndi mitambo imene zakumana nayo. Nkhondo itayamba, sitimazo zinatseka pakamwa, chifukwa uthenga uliwonse wa pa wailesi unkaulula malo a sitima kwa adani oyenda pansi pa madzi. Vuto linali lakuti nyengo ya ku Britain ndi kumadzulo kwa Europe imachokera ku nyanja komweko, monga mmene msodzi wa ku Chia amayang'anira kummwera kuti adziwe ngati mwera ukubwera. Masatelayiti kunalibe, pakuti yoyamba younika nyengo bwinobwino, TIROS-1, inaponyedwa mu 1960. Njira inatsala imodzi yokha, yotuma anthu kuti akalowe m'mitambomo ndi kuiyeza isanafike kumtunda, kuti akuluakulu ankhondo adziwe ngati ndege zoponya mabomba zinyamuke usiku umenewo, ndiponso ngati zikadzabwerera zidzapeza mabwalo awo atakutidwa ndi chifunga.

Poyamba ntchitoyi inkagwiridwa ndi timagulu ting'onoting'ono ta manambala oyambira pa 1401, koma pofika mu 1943 ambiri mwa timaguluti anakulitsidwa: gulu la 517 linayambira ku St Eval n'kusamukira ku Wales, la 519 linali ku Wick kumpoto kwa Scotland, la 520 ku Gibraltar, ndipo la 521 linali ku Norfolk. Gulu la 518 linakhazikitsidwa ku Stornoway mu July 1943, ndipo mu September chaka chomwecho linasamukira ku Tiree, kachilumba kathyathyathya ka mphepo yosaleka kumadzulo kwa Scotland. Ndege ya pa chithunzi chanu iyenera kukhala Halifax, ndipo anthu asanu ndi atatu ndiwo ankakwanira ulendo umodzi.

Maulendo awo anali ndi mayina achinsinsi monga Bismuth ndi Mercer, ndipo ulendo umodzi unkatenga pafupifupi maola khumi. Ndege inkalunjika pakati pa nyanja mtunda wa makilomita 1,000 kapena kuposerapo, kumene kuli ngati kuyenda nyanja ya Malawi kuchokera ku Mangochi mpaka kumapeto kwake kumpoto n'kubwereranso, koma popanda gombe lililonse looneka. Popita ankauluka chapansi, mamita pafupifupi 500 kuchokera pa madzi, ndipo pa makilomita 90 aliwonse munthu woyeza nyengo ankalemba kutentha, chinyezi, mtundu wa mitambo ndi kumene mphepo ikuchokera. Nthawi ndi nthawi woyendetsa ndege ankatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza mafunde, usiku ngakhale usana, kuti ayeze kulemera kwa mpweya pamwamba penipeni pa madzi. Akafika kumapeto kwa ulendo ankakwera mozungulira mpaka mamita pafupifupi 5,500, pamene nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, akuyezabe pa msinkhu uliwonse, kenaka n'kutumiza zonsezo pa wailesi m'manambala achinsinsi. Ndege zina zonse zinkaphunzitsidwa kuthawa mitambo yoopsa, koma izi zinkalamulidwa kulowamo, ndipo madzi akayamba kuundana pa mapiko kapena injini ikazima, panalibe potera. M'chaka cha 1944 gulu la 518 linauluka masiku onse kupatula awiri okha. Pa 16 August chaka chomwecho ndege zake ziwiri zinawombana m'mitambo pamwamba pa Tiree, ndipo anthu 16 anafera pomwepo. Ena anangonyamuka osabweranso, ndipo mayina awo ali pa chipilala cha Runnymede kufupi ndi London, chimene chinatsegulidwa mu 1953 ndipo chili ndi mayina oposa 20,000 a anthu a m'ndege amene manda awo sadziwika.

Apa m'pamene mtundu wa kansalu kaja ukhala ndi tanthauzo. Britain inali ndi mitanda iwiri ya anthu a m'ndege. Distinguished Flying Cross, ya mizere yofiirira ndi yoyera, inali ya kulimba mtima pouluka molimbana ndi adani, ndipo pa nkhondo yachiwiri inaperekedwa kwa anthu pafupifupi 20,000. Air Force Cross, ya mizere yofiira ngati yanuyo, inali ya kulimba mtima ndi kudzipereka pouluka pamene mdani palibe. Anthu a zanyengo ankagwera pakati pa ziwirizi, popeza imfa ankaiona tsiku ndi tsiku koma kawirikawiri popanda wowaombera. Ngakhale nkhondo isanayambe zinali choncho: Jeffrey Quill, amene pambuyo pake anatchuka poyesa ndege za Spitfire, analandira Air Force Cross chifukwa cha ntchito yake m'kagulu ka zanyengo ka ku Duxford m'zaka za m'ma 1930, komwe ankakwera m'mitambo kawiri pa tsiku ndi kandege kopanda denga. Amene ankafanana kwambiri ndi ankhondo ena anali a kagulu ka 1409, kamene kanakhazikitsidwa ku Oakington pa 1 April 1943, chifukwa iwo ankalowa mu Germany mwenimweni ndi ndege zamatabwa za Mosquito zopanda mfuti, anthu awiri okha, kukaona mitambo ya pamwamba pa mizinda imene ikaphulitsidwe usiku. Kwa ine, kagawidwe kameneka kanawachepetsa anthu a ku Tiree, chifukwa nyanja ya Atlantic m'nyengo yozizira inkapha mosasiyana ndi mfuti, ndipo n'chifukwa chake wofufuza mbiri yawo sayenera kudalira kaundula wa mamendulo yekha. Ambiri amene anauluka maulendo oopsawa sanalandire mtanda uliwonse.

Pa kafufuzidwe, musayambire ku London ayi, yambirani ku Salima. Mitanda imeneyi inkaperekedwa yopanda dzina, chaka chokha, ndipo anthu amene anailandira mu 1944 ndi mazana, kotero popanda dzina lenileni la mzunguyo simungafike patali. Mwina kwanu mumangomudziwa ndi dzina limene antchito anamupatsa, monga mwa chizolowezi cha m'maesiteti. Yang'anani kaye m'mapepala a bambo ngati muli kalata ya umboni wa ntchito, chifukwa akhukhi ambiri ankaisunga mosamala kwambiri ndipo bwana ankaisaina ndi dzina lake lonse. Ikasowa, funsani okalamba a m'dera limene munali mundawo, kenaka pitani ku National Archives of Malawi ku Zomba, komwe kuli makope a Nyasaland Government Gazette ndi nyuzipepala ya Nyasaland Times, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Azungu olima anali ochepa, ndipo mayina awo amabwerezedwa m'zidziwitso za malo ndi za ziphaso zamalonda.

Dzina likapezeka, lowani pa intaneti mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain imene imalengeza mamendulo oterewa, ndipo kufufuzamo n'kwaulere. Air Force Cross inkalengezedwa makamaka pa 1 January ndi mu June pa chikondwerero cha kubadwa kwa mfumu. Musayembekezere kupezamo nkhani ya zimene munthuyo anachita, chifukwa kawirikawiri mumangolembedwa udindo, dzina ndi nambala. Nambalayo ndiyo chuma chanu, popeza mayina amafanana koma nambala ndi ya munthu mmodzi. Mukatero pitani pa tsamba la The National Archives ya ku Kew mu London, ndipo m'gawo lotchedwa AIR 27 mufunefune mabuku a zochitika a gulu la 518, amene angathe kukopedwa pa kompyuta. Mabukuwa ali pawiri: Form 540 imafotokoza mwachidule za mwezi wonse, monga obwera, osamutsidwa, ngozi ndi olandira mamendulo, pamene Form 541 imalemba ulendo uliwonse, nambala ya ndege, mayina a onse okwera, nthawi yonyamuka ndi yotera. M'menemo mungathe kupeza mayina a azungu onse asanu ndi atatu a pa chithunzi chanu, chifukwa gulu la ndege imodzi linkauluka limodzi miyezi yambiri. Makalata amene akuluakulu ankalemba popempha kuti munthu apatsidwe mendulo, momwe muli chifukwa chenichenicho, ambiri ali m'gawo la AIR 2.

Chenjezo ndi ili: mtanda ndi chithunzi zinapezeka m'bokosi limodzi, koma zimenezo sizitsimikiza kuti mtandawo unapezedwa ku Tiree. Mitanda yambiri yoteroyo inapita kwa aphunzitsi a oyendetsa ndege, ndipo ena mwa iwo ankaphunzitsa pafupi pompa, ku Southern Rhodesia, m'mabwalo monga Cranborne, Kumalo ndi Thornhill. N'zotheka kuti bwana uja analandira mtandawo chifukwa cha uphunzitsi, kenaka n'kutumizidwa ku gulu la 518. Yerekezani tsiku la mu Gazette ndi tsiku limene dzina lake layamba kuoneka mu Form 541, ndipo musalembe kanthu m'mbiri ya banja mpaka masiku awiriwo atagwirizana.

Za wogula uja, langizo langa ndi lakuti musagulitse tsopano, ndipo musalekanitse mtanda ndi chithunzi, chifukwa mtanda wopanda dzina ukasiyana ndi pepala limene limaulozera kwa mwini wake, mbiri yake yathera pomwepo. Musaupukutenso ndi phulusa kapena mchenga. Jambulani chithunzicho mbali zonse ziwiri ndi foni ndipo mutumize ku An Iodhlann, nyumba yosungira mbiri ya pa chilumba cha Tiree, komwe amasonkhanitsa zinthu za bwalo la ndege la nthawi ya nkhondo.

Tsopano za bambo anu. Ngati imodzi mwa nyenyezizo ili ndi kansalu kofiira pakati, ndi mizere yabuluu ndi yaolenji m'mbali, imeneyo ndi Burma Star. Ena mwa magulu a ku Nyasaland anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, limene mu 1944 linatsika chigwa cha Kabaw mvula ya monsoon ili pachimake, m'matope ndi malungo, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Misewu itasanduka dambo, chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege za Dakota, ndipo tsiku limene mitambo yatseka chigwa, asilikali ankachepetsa chakudya. Choncho bambo anu ankadziwa ndi mimba yawo chimene nyengo imachita pa nkhondo, ndipo ndikhulupirira n'chifukwa chake ntchito ya bwana wawo anaimvetsa msanga. Funani kabuku kawo kotulukira usilikali, momwe muli nambala ndi bataliyoni, ndipo mabuku a zochitika a magulu a ku Burma ali ku Kew komweko m'gawo la WO 172. Pa chiliza mulembe nambala yawo, bataliyoni yawo ndi dzina lakuti Burma.

FUNSO: Ophunzira anga a Fomu 4 anandifunsa ngati n'zoona kuti tsiku limene asilikali a Britain, America ndi Canada anaolokera ku France mu 1944 linasankhidwa ndi anthu a zanyengo, ndiponso ngati Germany nayo inali ndi ndege zounika nyengo. Wina anafunsanso ngati kuno ku Africa zinaliko. Ndinawalonjeza yankho la umboni, osati la m'mutu.
Mayi wophunzitsa mbiri, Salima

YANKHO: Mayi, wosankha tsiku anali General Dwight Eisenhower wa ku America, mkulu wa asilikali onse oolokawo, koma anasankha atamva malangizo a James Stagg, katswiri wa zanyengo wa ku Scotland amene anapatsidwa ntchito yovuta yogwirizanitsa magulu atatu a akatswiri, la Met Office, nthambi ya zanyengo ya boma la Britain, la asilikali apamadzi a Britain ndi la America, amene nthawi zambiri ankatsutsana. Kuoloka kunakonzedwa kuti kuchitike pa 5 June. Stagg anachenjeza kuti kukubwera mphepo yamkuntho ndi mitambo yotsika, ndipo tsikulo linasunthidwa. Madzulo a pa 4 June iye anauza akuluakuluwo kuti kuseri kwa mkunthowo kuli kampata kakafupi ka nyengo yabwinoko, ndipo kampata kameneko ndiko kanagwiritsidwa ntchito pa 6 June 1944.

Auzeni ophunzirawo kuti ulemu umenewu si wa ndege zokha. Manambala amene Stagg ankadalira anachokera ku ndege za magulu monga 517 ndi 518, ku sitima zankhondo zimene zinaikidwa pakati pa nyanja, ndiponso ku malo oyezera nyengo a pamtunda. Otchuka mwa malowa ndi Blacksod, kumadzulo kwa Ireland, dziko limene silinalowe nawo nkhondoyo, komwe Maureen Flavin, mtsikana wa zaka 21 wogwira ntchito pa positi ofesi, anayeza m'bandakucha wa pa 3 June n'kupeza kuti kulemera kwa mpweya kukutsika mofulumira. Mbali inayo, akuluakulu a Germany ankaganiza kuti nyengo yoipa ipitirira, moti Erwin Rommel, mkulu wa asilikali awo oteteza gombe la France, anachoka ku France kupita kwawo kukakondwerera tsiku lobadwa la mkazi wake, limene linali pa 6 June pomwepo.

Kulephera kwa Germany sikunali chifukwa chosasamala za nyengo. Iwo anali ndi magulu a ndege otchedwa Wekusta, ena mwa iwo ku Norway, amene ankauluka maulendo ataliatali ofanana ndi a ku Tiree. Anali ndi sitima zoyeza nyengo, koma ziwiri, München ndi Lauenburg, zinagwidwa ndi Britain mu May ndi June 1941, ndipo chimene ogwirawo ankafuna kwenikweni chinali mapepala a makina obisira uthenga a Enigma. Mu October 1943 sitima yoyenda pansi pa madzi ya U-537 inakaika makina oyeza nyengo odziyendera okha pa gombe la Labrador, ndipo boma la Canada linadzawazindikira mu 1981. Nkhani imene ana amaikonda kwambiri ndi ya asilikali 11 otsogozedwa ndi Wilhelm Dege, amene anatumizidwa ku zilumba zozizira za Svalbard kukayeza nyengo, ndipo nkhondo itatha mu May 1945 anatsalira komweko mpaka pa 4 September, pamene anadzipereka kwa mkulu wa sitima ya alenje a ku Norway. Zolemba za magulu a Germany zimasungidwa ku Bundesarchiv mu mzinda wa Freiburg, koma zambiri za gulu lawo la mumlengalenga zinawonongedwa nkhondo ikutha, kotero kufufuza munthu mmodzi kumeneko n'kovuta kuposa ku Kew.

Ku Africa timagulu totere tinaliko, monga ka 1412 ku Khartoum ndi ka 1414 ku Eastleigh mu Nairobi. Ntchito yawo sinali yopita kutali koma yokwera m'mwamba, ndi ndege zakale za mapiko awiri osanjikizana za Gloster Gladiator, kuyeza kutentha ndi chinyezi pa msinkhu uliwonse. Kufunika kwake kumaoneka tikakumbukira njira ya Takoradi: kuyambira mu 1940 ndege zankhondo zinkabwera pa sitima zili m'mabokosi, n'kulumikizidwa ku Takoradi, m'dziko limene lero ndi Ghana, kenaka n'kuuluka kudzera ku Lagos, Kano ndi Khartoum mpaka ku Egypt, m'njira ya fumbi ndi mabingu. Mabuku a timagulu ting'onoting'onoti musawafune mu AIR 27, ali mu AIR 29. Chimene chimandipweteka powerenga mabuku oterewa n'chakuti maofesala amalembedwa ndi mayina awo onse, pamene anthu akuda amene ankalondera mabwalo, kunyamula mafuta ndi kukonza njira zoterapo ndege amangotchulidwa chiwerengero chawo. Kuti ana a ku Salima amvetse kuti kudziwiratu nyengo ndi nkhani ya moyo ndi imfa, akumbutseni za sitima ya Vipya, imene inamira pa nyanja yathu yomweyi pa mphepo yamkuntho pa 30 July 1946, ndipo anthu 145 anafa.

FUNSO: Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, ndinaona pa Facebook kanema wa ndege ya ku America ikulowa m'kati mwa namondwe wina. Kodi ntchito imeneyi inayambanso pa nkhondo, ndipo mbiri ya asilikali a ku America amene analandira mamendulo pa ntchitoyi imapezeka kuti?
Wogula nsomba, Senga Bay

YANKHO: Achimwene, inayambadi pa nkhondo. Pa 27 July 1943 Joseph Duckworth, mphunzitsi wa oyendetsa ndege ku Bryan m'dera la Texas, analowa mwadala pakati pa namondwe ndi kandege kophunzitsira ka injini imodzi ka AT-6, ndipo atabwerako ananyamukanso kachiwiri tsiku lomwelo atatenga ofesala wa zanyengo. Gulu limene lero limadziwika kuti 53rd Weather Reconnaissance Squadron linayamba mu 1944, ndipo likugwirabe ntchitoyi ndi ndege za WC-130J kuchokera ku Keesler, mu mzinda wa Biloxi ku Mississippi. Iwo amayang'anira kwambiri nyanja za Atlantic ndi Pacific, pamene anamondwe a mbali yathu ino ya Indian Ocean, monga Freddy, amatsatidwa makamaka ndi masatelayiti kudzera ku likulu la zanyengo la pa chilumba cha La Réunion.

Pa nkhondo yeniyeniyo America inali ndi magulu ounika nyengo ku England, monga la 652 ndi la 653 ku Watton, ndiponso ku Pacific. Mbiri imeneyi ili ndi tsamba lolemetsa mtima, ndipo sindingalidumphe. Pa 6 August 1945 ndege ya B-29 yotchedwa Straight Flush, yoyendetsedwa ndi Claude Eatherly, inatsogola ku Hiroshima kukaona mitambo, ndipo uthenga wake wakuti kumwamba kwayera mokwanira ndiwo unatsegula njira ya bomba la atomiki. Patapita masiku atatu, mitambo ndi utsi zinaphimba mzinda wa Kokura, ndipo bomba lachiwiri linakagwera ku Nagasaki.

Kufufuza munthu wa ku America kumasiyana ndi kwa ku Britain, chifukwa iwo analibe nyuzipepala imodzi ya boma yolengeza mamendulo onse. Distinguished Flying Cross yawo ndi Air Medal, imene inakhazikitsidwa mu 1942, zinkalengezedwa m'malamulo olembedwa a likulu la gulu lililonse, otchedwa General Orders. Chovuta china n'chakuti pa 12 July 1973 moto unabuka ku nyumba yosungira mafayilo a asilikali ku St. Louis n'kuwononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali a anthu a nkhondo yachiwiri, kuphatikizapo a m'ndege, popeza nthawi imeneyo iwo anali mbali ya gulu lankhondo lapansi. Chotero fayilo ya munthu ikasowa, wofufuza amalowera ku mbiri ya mwezi ndi mwezi ya gulu lake, imene imasungidwa ku Air Force Historical Research Agency pa bwalo la Maxwell ku Alabama, ndipo ngati ndege yake inasowa, malipoti otchedwa Missing Air Crew Reports ali ku National Archives ya ku America. Polembera ku Maxwell mutchule nambala ya gulu, mwezi ndi chaka, chifukwa zolemba za kumeneko zinasanjidwa potsata magulu, osati mayina a anthu.